Mlandu wa mzere umodzi

Maloya ali ndi mawu a Chilatini onena za milandu yosayenera kutayitsa khoti nthawi: de minimis non curat lex. Ndiye kuti lamulo silisamala za tinthu ting'onoting'ono. Ena m'malo mwa lex amatchula praetor, woweruza wa ku Roma wakale amene sankafuna kumva za timikangano tachabechabe. Mawuwa anakhazikika m'makhoti a ku England, ndipo kuno anafika ndi atsamunda, makamaka kuyambira 1902 pomwe anakhazikitsa High Court n'kulamula kuti malamulo akwawo azigwiranso ntchito m'dziko lino.

Koma ku Thyolo kuno kanthu kakang'ono ndi kati? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapatsa azungu zikalata za malo, ndipo nthaka yabwino yambiri inasanduka maesiteti. Kenako Alhomwe anabwera ochuluka kuchokera ku Mozambique, ambiri n'kukhala pa maesiteti omwewo polipira thangata. Midzi inapanikizika m'mphepete mwa minda ya tiyi ndi m'mapiri otsetsereka. Mwa ichi, mnansi akalowerera ndi mzere umodzi wokha kupitirira nkhadze ya m'malire, mwini munda sagona. Kwa majisitireti mzerewo ungaoneke wachabe, koma kwa mayi amene mundawo anasiyiridwa ndi amayi ake, ndi nandolo wa ana ameneyo.

Atsamunda nawo anazindikira kuti sangathane ndi milandu yotere, n'chifukwa chake mu 1933 anavomereza makhoti a mafumu. Mu 1969 boma la Kamuzu linawapatsa ena mwa makhotiwa mphamvu yozenga ngakhale milandu ya kupha, zomwe zinaipitsa mbiri yawo mpaka anathetsedwa pa nthawi yosintha ndale kupita ku zipani zambiri.

Bwalo la pansi pa mtengo lokha silinathe. Kumeneko mbuzi ikadya chimanga, mkoko wa nthochi ukadulidwa usiku, kapena wina akatukwana mnzake pachitsime, nyakwawa ndi nduna zake amamva zonse mosathamanga, chifukwa amati mlandu suwola. Chindapusa chingakhale nkhuku imodzi basi, nthawi zina kupepesa pagulu kokha. Wosakhutira amapita kwa gulupu, kenako kwa mfumu yayikulu, ndipo ambiri amabwerera pomwepo asanaone n'komwe khomo la khoti ku boma.