Kupuma pantchito chifukwa cha nkhawa si ulesi

Ambiri amaganizabe kuti tchuthi cha odwala ndi cha malungo kapena chilonda chooneka basi. Wina akati nkhawa yamufooketsa, anzake amanong'onezana kuti ndi ulesi, angolimba mtima.

Chonsecho nkhawa ikapitirira muyeso ndi matenda ndithu. Mtima umagunda thithithi, m'manja thukuta kamukamu, usiku wonse maso ali gwa, ndipo kukacha munthu amawerenga kalata imodzi katatu osamvapo kanthu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi vutoli.

Lamulo la ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 limati amene wagwira ntchito miyezi 12 ali ndi ufulu wa masabata 4 a tchuthi cha odwala pa malipiro onse, ndi ena 8 pa theka la malipiro, chaka chilichonse. Chofunika ndi kalata ya dokotala.

Koma kungodzitsekera m'nyumba sikuchiza, chifukwa kuzemba chimene chikukuopsani kumakulitsa manthawo. Masiku amenewo kaonaneni ndi aphungu kapena madokotala, monga a ku zipatala za matenda a maganizo za St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe, kenako kambiranani ndi abwana anu zobwerera pantchito pang'onopang'ono.