Kodi dzina lanu lili m'kaundula uti?

Ndatopa nawo mawu akuti "ine ndinalembetsa kalekale". Ndawamva ku Bangula, ku Ngabu, ku Nchalo, kulikonse komwe timaphunzitsa anthu za chisankho, ndipo wonenayo amakhala akusisita thumba la malaya momwe muli chiphaso chovotera. Abale anga, pamalo oponyera voti amayang'ana dzina lanu m'kaundula wa pamalopo. Likasowa, chiphasocho chilibe mphamvu.

Ndikudziwa pomwe chisokonezo chinayambira. Chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 chinagwiritsa ntchito kaundula wa 2019 chifukwa khoti la Supreme linalamula choncho, ndiye ambiri anangoti dzina likalowa lalowa. Koma pokonzekera chisankho cha pa 16 September 2025, bungwe loyendetsa zisankho la MEC linayambiranso kalembera kumapeto kwa 2024, aliyense kulembetsa mwatsopano, ndipo lamulo la zisankho la 2023 linati umboni wake ndi chiphaso cha unzika cha ku NRB. Madera a aphungu nawo anachoka pa 193 kufika pa 229, malire ena n'kusuntha.

Pali agogo ena aamuna ochokera cha ku Makhanga omwe nkhani yawo imandiwawabe. Madzi a namondwe wa Freddy mu March 2023 anawatengera mbuzi, nkhokwe ndi denga lomwe, koma chiphaso chovotera cha 2019 anachipulumutsa atachikulunga m'majumbo awiri n'kumanga ndi mphira. Kalembera atafika komwe anasamukira kumtunda, mdzukulu wawo anawamvetsera voice note ya pa WhatsApp, mawu a bambo wolankhula mwaulemu ngati wa ku ofesi, yoti amene ali ndi chiphaso chakale asadzivutitse. Tsiku lovota anafika mbandakucha, kuthawa dzuwa la kuchigwa kuno, atavala jekete. Anamasula majumbo aja pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, pachithunzipa si ine kodi?"

"Ndinu agogo, koma m'bukumu mulibe."

Panalibe wowathandiza. Woyang'anira malo ovotera alibe mphamvu yowonjezera dzina tsiku limenelo, mfumu ilibe, ife mamonita ndiye ayi ndithu. Ndipo dzina lowonjezeredwa ndi cholembera pamzere ndi chinthu chomwe tonse tiyenera kuchikana, titaona zomwe Tippex anatichita mu 2019. Chomwe chimandipweteka n'choti mwini mawu aja sadziwika mpaka lero.

Uthenga wandale ukamveka pa wailesi, eni wailesi amadziwa yemwe walipira, ndipo mukhoza kukadandaula. Wa pa WhatsApp ulibe mwini. Pa Facebook mukaona mawu akuti Sponsored, dziwani kuti wina watulutsa ndalama kuti uthengawo ukupezeni inuyo. Tsegulani tsambalo pa Page transparency, muone tsiku lomwe linatsegulidwa komanso maina omwe lasinthapo. Tsamba lomwe dzana linkagulitsa kaunjika, lero likulengeza masiku a kalembera, mulikhulupirire bwanji? Kwa ine, pokonzanso malamulo a zisankho aphungu ayenera kukakamiza chipani chilichonse kuika dzina lake pa uthenga womwe chalipira pa intaneti, ndi kuulula ndalama zake.

Ndiye pali anyamata oyenda ndi makope m'midzi, kulemba manambala a ziphaso, amvekere mulowa m'ndandanda wa chimanga kapena wa Mtukula Pakhomo. Akaneni. Chithandizo sichilembedwa ndi chiphaso chovotera, ndipo nambalayo singauze munthu yemwe mwamuvotera, ngakhale akuopsezeni bwanji. Akakupemphani kuti akusungireni chiphasocho, kaneneni kupolisi kapena ku ofesi ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za zisankho ndi ufulu wawo.

Kuno timasamuka kawirikawiri: madzi atithamangitsa, ntchito yodula nzimbe yatha, munda wa kudimba watiitana. Dzina silikutsatirani lokha. MEC ikatsegula masiku osamutsa ndi kutsimikiza maina, pitani nokha, tsiku loyamba, muone kalembedwe ka dzina, chithunzi ndi malo ovotera. Masikuwo amakhala owerengeka, ndipo makina akavuta tsiku lomaliza palibe amene adzakudikireni. Ngati munataya mbale pamadzi osefukira, kalembetseni imfayo ku NRB kudzera kwa amfumu, kuti dzina lake lisatsale likuyendayenda m'mabuku a boma kufikira 2030.