Buku lachitatu si poyambira: zimene makolo ayenera kudziwa asanapatse mwana The Amber Spyglass

"Mwana wangayu mabuku sakonda. Ndinamugulira lalikulu bwino, koma sanafike nalo patali." Dandaulo ili latitopetsa ife ogwira ntchito ya mabuku a ana, chifukwa ukafunsitsa kuti bukulo ndi liti, kawirikawiri umapeza kuti ndi lomaliza pa mabuku atatu otsatizana. Mwanayo alibe mlandu. Walakwa ndi wamkulu amene anatola buku pamulu wa kaunjika atakopeka ndi kunenepa kwake, osafunsa kuti nkhaniyo inayambira kuti. Mabuku a nthano zopeka amafika kuno m'makatoni a mphatso ndi m'kaunjika, ndipo si kawirikawiri kuti onse atatu afike pamodzi.

Nditenge chitsanzo chimodzi ndikhale nacho, ndipo ndineneretu kuti ndiulula mathero a nkhani, pakuti ndikulankhula ndi makolo ndi aphunzitsi. The Amber Spyglass ndi buku la Philip Pullman wa ku England, lomwe linatuluka mu 2000. Ndi lomaliza pa mabuku atatu otchedwa His Dark Materials. Loyamba ndi Northern Lights la 1995, lachiwiri ndi The Subtle Knife la 1997. Msampha woyamba uli pomwepa: ku America buku loyamba lija analisindikiza ndi dzina lina, The Golden Compass. Kholo limagula Northern Lights, kenako The Golden Compass, kenako The Amber Spyglass, n'kubwerera kunyumba likuti lapeza onse atatu, pomwe lagula buku limodzi kawiri ndipo lachiwiri palibe. Musanatulutse ndalama, tsegulani chaputala 1 cha mabuku awiriwo. Mukaona kuti onse akuyamba ndi mtsikana Lyra akulowa mozemba m'chipinda choletsedwa pa koleji ina ku Oxford, bwezani limodzi.

Buku loyamba lili ndi machaputala 23, lachiwiri 15, lachitatu 38. Wonkhetsani nokha: lachitatu palokha lili ndi machaputala ofanana ndi awiri oyambawo pamodzi, ndipo masamba ake amapitirira 500. Likuyamba Lyra ali gone m'phanga, mayi wina dzina lake Mrs Coulter akum'mwetsa mankhwala ogonetsa. Wolemba saima kuti afotokoze. Akutenga kuti wowerenga akudziwa kale kuti Mrs Coulter ndi mayi ake a Lyra omubereka, ndiponso kuti ndi yemweyo ankatsogolera gulu lakuba ana. Akutenga kuti akudziwa kuti m'dziko la Lyra umunthu wa m'kati mwa munthu aliyense umayenda pambali pake ngati kanyama kolankhula, kuti kanyama ka Lyra ndi Pantalaimon, ndipo kuti kulekanitsa awiriwo n'choopsa ngati imfa. Mnyamata Roger amene Lyra akulankhula naye m'maloto anafa kumapeto kwa buku loyamba, ndipo anam'phetsa ndi Lord Asriel, bambo ake a Lyra. Will, amene akusakasaka Lyra, saoneka n'komwe m'buku loyamba. Mpeni wake wotsegula mazenera olowera m'maiko ena anaupeza m'buku lachiwiri, zala ziwiri zitaduka. Mwana amene sakudziwa zonsezi ali ngati wofika pamaliro a kumudzi wachilendo: akuona anthu akulira, koma sakudziwa womwalira. Ndiye mukudabwa kuti walisiya?

Kulakwa kwachiwiri n'kobisika, ndipo amakuchita ngakhale makolo amene anatsata ndondomeko. Amati poti mwana anasangalala ndi loyamba ali ndi zaka 9 kapena 10, lachitatu aliwerenganso bwinobwino. Ayi. Mabuku otsatizana otere amakula, ndipo lomaliza ndi limene limasenza zolemera zonse zimene oyamba aja analonjeza. The Amber Spyglass linapambana mphoto ya Whitbread ya buku lopambana onse la chaka cha 2001, ndipo linali buku loyamba la ana kutero, kuposa mabuku olembera akuluakulu. Zimenezo zikuuzeni kanthu za kulemera kwake. Nkhani siyenda mzere umodzi. Pali ulendo wa Lyra ndi Will. Pali Mary Malone, wasayansi amene ali yekha m'dziko la zolengedwa zotchedwa mulefa, kumene akupanga galasi loonera lomwe bukuli latengerako dzina. Pali nkhondo ya Lord Asriel. Pali Mrs Coulter ndi ziwembu zake. Pali wansembe wotumidwa kukapha. Wowerenga amasiya gulu limodzi pakati pa zoopsa n'kukakhala kwina machaputala angapo. Kwa mwana amene Chingerezi ndi chinenero chake chachiwiri, ine ndimalangiza kuti lachitatu lidikire mpaka zaka 12 kapena 13. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani tsamba la pakati, mwana awerenge mokweza, muziwerenga mawu amene akum'kanika. Akapitirira asanu pa tsamba limodzi, nthawi sinakwane. Mayina opeka musawawerengere.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chaputala 21. Lyra watsimikiza zopita kudziko la akufa kukapepesa Roger. Afika pagombe la nyanja ya nkhungu, ndipo wopalasa bwato akumuuza kuti Pantalaimon sangakwere nawo. Mtsikana amene kwa mabuku awiri athunthu walumbira kuti sadzalekana ndi mnzakeyu akumusiya pagombe, iye n'kukwera bwato, mnzakeyo akumuyang'ana. Pa kulekanaku palibe magazi, palibe chilombo, n'chifukwa chake wamkulu wongosanthula masamba pofuna zolaula kapena zachiwawa amadutsapo osaona kanthu. Koma kwa mwana amene wakonda awiriwa, pamenepa ndi pamene pamapweteka kuposa nkhondo yonse ya kutsogolo. Taganizirani mwana wa zaka 9 amene wataya mayi kapena mbale wake posachedwa, akuwerenga chaputalachi yekha usiku ndi tochi, m'nyumba imene nkhani ya imfa ana sauzidwa. Kenako akulowa m'machaputala otsatira, mmene akufa onse, abwino ndi oipa omwe, aunjikana m'chigwa chimodzi chotuwa, opanda chiyembekezo, akungonong'ona. Mwana wotere sabwera kudzakuuzani kuti buku lamuopsa. Amangosiya kuwerenga, kapena amayamba kukana kugona yekha, inu n'kumati wayamba matukutuku. Sindikunena kuti ana abisiridwe imfa. Bukuli limaitenga nkhaniyo mwaulemu, ndipo mwana wokhwima likhoza kumuthandiza. Ndikunena kuti kuyambira chaputala 18 mpaka 23 pakhale wamkulu pafupi amene wawerengako kale, wokonzeka kufunsidwa kuti, "Amayi, nanga agogo ali kumeneko?" Ngati m'banjamo mwagwa zovuta miyezi yapitayi, libwezeni pashelefu kaye.

Za chipembedzo ndinene mosapita m'mbali, chifukwa makolo ambiri ndi opemphera ndipo ali ndi ufulu wodziwa. Pullman sabisa kuti sakhulupirira Mulungu monga amaphunzitsira matchalitchi. M'mabukuwa akuluakulu a mpingo wa m'dziko la Lyra ndi oipa. M'buku lachitatu akutiuza kuti amene amalambiridwa ngati mlengi ndi mngelo chabe amene ananama, ndipo m'chaputala 31 amafa ali nkhalamba yotheratu. M'chaputala 33 Mary Malone akufotokozera anawo mmene anasiyira usisitere ndi chikhulupiriro chake. Akhristu eni ake anagawanika pa bukuli. Bungwe la Catholic League ku America linapempha anthu kuti anyanyale filimu ya buku loyamba mu 2007, pomwe Rowan Williams, ali Arkibishopu wa Canterbury, mtsogoleri wa mpingo wa Anglican, anayamikira nkhaniyi n'kunena kuti ingathandize pophunzitsa za chipembedzo m'sukulu. Chigamulo ndi chanu, koma chipangeni mutawerenga machaputala awiriwo, ndipo chipangeni mwana asanayambe buku loyamba. Kumulanda buku ali pakati pa lachitatu ndi nkhanza, ndipo akaliwerenga ndithu mobisa, popanda woti akambirane naye.

Chenjerani ndi akatswiri abodza, ali mbali zonse. Pali wogulitsa amene amati lililonse limaima palokha, poti watsala ndi lachitatu lokha. Pali mauthenga oyenda pa WhatsApp oweruza buku limene wolemba uthengayo sanaligwirepo. Palinso amene amati n'za ana izi, musadandaule, nayenso osawerenga. Oipitsitsa ndi ogulitsa mabuku a fotokope ndi otumiza mafayilo pafoni. M'makope otere masamba amasowa, ena amabwerezedwa, ndipo guluu wa kumsana sagwira buku lonenepa chonchi, choncho oyamba kuthothoka ndi masamba omaliza. Yang'anani kumapeto: chaputala 38 chikhalepo, cha kumunda wa zomera ku Oxford, ndipo chithe bwinobwino. Pindani chikuto pang'ono muone ngati masamba akulekana ndi msana. Filimu ndi makanema musawatenge ngati mlowam'malo. Filimu ya 2007 inangotenga buku loyamba, ndipo inadula mathero ake enieni, moti woionera sadziwa kuti Roger anafa. Sewero la pa TV la BBC ndi HBO, lomwe linaonetsedwa kuyambira 2019 mpaka 2022, linafika kumapeto kwa onse atatu, koma mwana aliwonere atamaliza kuwerenga.

Kuchedwa nako kumawononga. The Subtle Knife limathera pamalo oipa: bambo ake a Will aphedwa atangokumana ndi mwana wawo, ndipo Lyra wasowa. Owerenga oyamba anadikira zaka zitatu chifukwa analibe pothawira, koma mwana wanu alibe chifukwa chodikira chotero. Mukam'siya chaka chathunthu, mayina ndi zifukwa zimauluka, ndipo lachitatu limamukanika ngati sanawerengepo chilichonse. Choncho pezani onse atatu, kapena tsimikizani kuti kulaibulale alipo, musanam'patse loyamba. Ngati ali wamng'ono kwa lachitatu, chedwetsani kuyamba konse, osati kumuimitsa panjira. Pakati pa lachiwiri ndi lachitatu pasapite teremu yoposa imodzi. Ikapitirira, abwereze machaputala awiri omaliza a lachiwiri. Chaputala chimodzi pa tsiku ndi masabata asanu ndi masiku atatu, zomwe zimakwana bwino patchuthi chachikulu, osati pakati pa mayeso.

Mukonzekerenso mathero. Lyra ndi Will amakondana, kenako amauzidwa kuti mazenera onse a pakati pa maiko ayenera kutsekedwa ndipo aliyense akakhale kwawo, osadzaonananso. Ana ambiri amakwiya, ena amalira, ena amati wolemba wawanamiza. Musawaseke, ndipo musathamangire kukagula "lachinayi" kuti muwatonthoze. Pullman analembadi mabuku ena a Lyra pansi pa dzina la The Book of Dust, koma The Secret Commonwealth la 2019 likumuonetsa Lyra ali ndi zaka 20, ndipo muli mawu otukwana ndi chiwawa chimene sichiyenera mwana wa Fomu 1. Dzina la Lyra pachikuto lisakupusitseni. Limenelo lidikire mpaka atamaliza sekondale.