Masamu amene amafotokoza kukwera ndi kutsika kwa shuga m'magazi

Munthu wamkulu amene alibe matenda a shuga amakhala ndi magalamu 4 kapena 5 okha a shuga m'magazi ake onse, pamene mtanda umodzi wa nsima umabweretsa magalamu makumi angapo. Amene amaletsa shugayo kusefukira kapena kuchepa kwambiri ndi mahomoni awiri ochokera ku kapamba: insulini, imene imathandiza minofu kutenga shuga ndiponso chiwindi kumusunga, ndi glucagon, imene imauza chiwindi kuti chimutulutse akachepa.

Mu 1961 katswiri wina, Victor Bolie, analemba ubale umenewu m'masamu, kusonyeza liwiro limene shuga ndi insulini zimasinthira, china chikamakoka chinzake. Mu 1979 Richard Bergman, Claudio Cobelli ndi anzawo, pogwiritsa ntchito zoyeza pa agalu, anawonjezera mfundo imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse: insulini sigwira ntchito pomwe yalowa m'magazi, imayamba yadutsa kaye m'madzi ozungulira maselo, motero mphamvu yake imabwera mochedwa ndipo imapitirira ngakhale shuga atatsika kale.

Kuchedwa kumeneku n'kumene kumagwetsa anthu kuno kwathu. Jakisoni wa insulini ya soluble, yooneka ngati madzi, amayamba kugwira patatha mphindi pafupifupi 30, ndipo amafika pachimake pakati pa maola 2 ndi 4. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano akabaya m'mamawa n'kupita kumunda asanadye, khasu limachititsa minofu kudya shuga wambiri nthawi yomweyo imene insulini ikufika pachimake, ndipo shuga akatsika n'kufika pansi pa 3.9 mmol/L pa makina oyezera, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, mwinanso kukomoka kumene. Zimenezi masamu amazionetsa zisanachitike, n'chifukwa chake ife a zachipatala timakakamira kuti chakudya chisatalikirane ndi jakisoni.

Mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza pulogalamu ya pakompyuta ya mayunivesite a Virginia ndi Padova, yoyerekezera matupi a odwala, kuti izilowa m'malo mwa kuyesa pa nyama makina ena operekera insulini. Makinawo ndi okwera mtengo kwambiri kwa ambiri a ife ku Ntcheu, koma phunziro lake silifuna ndalama. Nambala imodzi imene mwapeza kuchipatala sinena ngati shuga akukwera kapena akutsika. Mukamayeza, lembani m'kabuku ola lake, chimene munadya, nthawi imene munabaya kapena kumwa mapiritsi a shuga a metformin, ndi ntchito imene munagwira, kuti ife tikamasintha mlingo wa mankhwala tiziona mmene tsiku lanu lonse limayendera.