Mmene makorali amamerera pa nsanja zachitsulo za m'nyanja yamchere

Amene munafikako ku Nacala kapena ku Pemba munaonako timiyala toyera tamabowomabowo, tina tanthambinthambi, timene mafunde amalavulira kugombe. Amenewo ndi mafupa a makorali. Korali ndi gulu la tinyama tofewa tambirimbiri, tambiri tosaposa njere ya mpunga, ndipo kalikonse kamadzimangira chikho cha laimu chimene kamatenga m'madzi amchere. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe, chifukwa makorali omanga matanthwe amafuna mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndi madzi ofunda madigiri 23 mpaka 29.

M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso. Nderezo zili ngati alendi a ku Ndirande amene amalipira nyumba ndi chakudya m'malo mwa ndalama: zimapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa n'kumadyetsa mwininyumba. N'chifukwa chake madzi amatope, amene amatchinga kuwala, ndi mdani wamkulu. Kugombe la ku Beira komanso kumene Zambezi amathirira, atanyamula ndi madzi a Shire wathu yemwe, kulibe matanthwe ambiri a korali, pamene kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto aliko.

Makorali akaswana, timphutsi tawo timayandama masiku kapena milungu ingapo tikusaka polimba pomata. Pansi pa nyanja malo ambiri ndi mchenga ndi matope okhaokha, ndiye mzati wa nsanja yokumbira mafuta umakhala mwayi waukulu. Komabe kamphutsi sikamata pachitsulo choti changoikidwa kumene. Masiku oyamba pamayala kaye utelezi wa mabakiteriya. Miyezi yotsatira pamadzaza nkhono zomata ndi ndere zobiriwira, kenako pamabwera ndere zina zolimba, zofiirira, zokhala ndi laimu. Ndere zolimbazi n'zimene zimakoka timphutsi tambiri ta korali. Kamodzi kakakhazikika kamaphukira tinzake m'mbali, gulu n'kumakula. Makorali anthambi amatha kukula masentimita 10 pachaka, koma obulungira aja sapitirira masentimita 2 kawirikawiri, choncho nsanja imatenga zaka zambiri isanavale bwino.

Mzati umodzi womwewo umagawika ndi kuya kwake. Pamwamba penipeni mafunde amakolopa, ndipo pamakhala nkhono. Kuchokera apo kutsika mpaka mamita 30 kapena 40 ndi kumene makorali ofuna dzuwa amakonda. Kupitirira apo kumada, ndiye kumatsala mitundu yopanda ndere, yodya tizilombo tobwera ndi madzi. Wotchuka ndi Lophelia pertusa, wa m'madzi ozizira madigiri 4 mpaka 12, amene anapezeka atamera pa Brent Spar, nkhokwe yoyandama yosungira mafuta ya ku North Sea, pamene ankaiphwasula mu 1999.

Kwa mainjiniya, zomerazi ndi katundu. Zimanenepetsa mzati, mafunde n'kumaukankha mwamphamvu kuposa mmene anawerengera, komanso zimabisa ming'alu ya mowotcherera. Ndiye nthawi zina amazipala ndi madzi ampopi wamphamvu. Vuto lina ndi la mitundu yachilendo. Korali wachikasu wotchedwa Tubastraea coccinea, wochokera ku nyanja za India ndi Pacific, wafalikira pa nsanja za ku Gulf of Mexico ndi ku Brazil, ndipo amalanda malo a makorali akumeneko. Nsanja yoti aikoke kupita kudera lina iyenera kupalidwa isananyamuke.

Mafuta akatha, ku America amalola nsanja zina kutsala m'madzi pansi pa ndondomeko ya Rigs-to-Reefs, yosandutsa nsanja kukhala matanthwe a m'nyanja, imene inatsatira lamulo la 1984. Amatseka chitsime ndi simenti, amachotsa nyumba yapamwamba yonse, kenako amagwetsa mizati chammbali kapena kuidula pafupifupi mamita 26 pansi pa madzi kuti sitima zizidutsa. Kudulako kumataya gawo lowala bwino, limene makorali ambiri anali.

Apa m'pamene tiyenera kusamala, chifukwa ena amaganiza kuti chilichonse chotayidwa m'nyanja chimasanduka thanthwe. Cha m'ma 1970, ku Fort Lauderdale ku Florida anamiza matayala oposa miliyoni imodzi. Zomangira zinadyeka ndi dzimbiri, matayala anabalalika, ndipo anamondwe ankawawombetsa pa makorali enieni. Pamatayalapo sipanamere zambiri, ndipo ntchito yowavuula yatenga zaka.

Chomangidwa chabwino choti makorali amerepo chimakhala cholemera moti namondwe sangachisunthe, chokhakhala, chamapanga, ndipo chotukuka kuti mchenga usachikwirire. Konkire yatsopano imakhala ndi pH (muyeso wa ukali wa asidi kapena soda) ya 12 kapena 13 pamene ya madzi a m'nyanja ndi 8, ndiye imafunika iume kwa milungu ingapo isanamizidwe, apo ayi timphutsi timaikana. Penti yothamangitsa zomera, makamaka yokhala ndi kopa, isapakidwe. Malo akhale oti madzi amabweretsako timphutsi kuchokera ku thanthwe lamoyo. Zonsezi zikachitika, kutentha kumathabe kuwononga ntchito yonse: madzi akakwera ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amafikira m'chilimwe, n'kukhala choncho milungu ingapo, korali amatulutsa ndere zake, amayera mbee, ndipo kukapanda kuzizira msanga amafa ndi njala.