Kuchoka pa chingwe kufika pa sonar: mmene anthu anayambira kuyeza kuya kwa nyanja

Kale amalinyero ankayeza kuya kwa nyanja yamchere ndi chingwe chomangirira mtovu kunsonga. Kunsi kwa mtovuwo ankapakako mafuta oundana kuti mchenga kapena matope zimatirire, potero adziwe zomwe zili pansipo. Sitima yofufuzira ya ku Britain ya HMS Challenger nayonso inkayeza ndi chingwe. Mu 1875, kufupi ndi chigwa cha Mariana cha pansi pa nyanja ya Pacific, chingwe chake chinatsika mamita 8,184. Kuyeza kamodzi kokha kunkatha maola angapo, ndipo madzi akakokera chingwecho cham'mbali, malowo ankaoneka ngati akuya kwambiri kuposa mmene alili.

Sitima ya Titanic itamira mu 1912, akatswiri anayamba kufunafuna njira yodziwira zomwe zili m'madzi pogwiritsa ntchito phokoso. Mu 1913, Alexander Behm wa ku Germany analembetsa makina oyezera kuya motere, ndipo pakati pa 1925 ndi 1927 sitima ya Meteor inayeza kuya pa malo pafupifupi 67,000 m'nyanja ya Atlantic.

Kunena zoona, makina oterewa, otchedwa sonar, sayeza kuya, amayeza nthawi. Makina ali kunsi kwa sitima amatumiza phokoso pansi n'kudikira kuti libwerere. M'madzi amchere phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, choncho likabwerera patatha masekondi 4, ndiye kuti lapita ndi kubwera mamita 6,000, kuya kwake n'kukhala mamita 3,000. Vuto lagona pa liwirolo. Limasintha malinga ndi kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere ndiponso kulemera kwa madzi a pamwamba. N'chifukwa chake oyeza amayamba atsitsa kachipangizo koyeza liwiro la phokoso pa mlingo uliwonse. Akapanda kutero, mapu ochokera ku multibeam, makina otumiza phokoso mbali zambiri nthawi imodzi, amapindika m'mphepete ngati mbale, pomwe pansipo ndi pafulati.

Nsomba nazonso zimapusitsa makinawa. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, asilikali apamadzi ankaona "pansi" pa mamita 300 mpaka 500, koma usiku pansipo pankakwera. Zinali nsomba zing'onozing'ono zambirimbiri, timatumba tawo ta mpweya tikubweza phokoso.

Mu 1952, Marie Tharp, katswiri wojambula mapu wa ku America, yemwe sankaloledwa kukwera sitima zofufuzira chifukwa anali mkazi, anajambula ziwerengero za sonar ali mu ofesi n'kupeza chigwa chong'ambika pakati pa mapiri a pansi pa Atlantic. Mnzake Bruce Heezen anayamba wakana zoti chigwacho chilipo, koma mu 1977 mapu awo a pansi pa nyanja zonse anasindikizidwa.