Kuyenda Ali Chete Sikuchira

Achibale ambiri a odwala sitiroko amandiuza mawu amodzimodzi okhudza mafizo, masewera aja ophunzitsanso ziwalo kugwira ntchito: “Bambo ayamba kuyenda okha, mafizo tasiya.” Mawu amenewa ndatopa nawo, chifukwa munthu woyenda m’chipinda ali chete, maso ali pansi, maganizo onse ali paphazi, sanachire. Panjira pamakhala moni woti ayankhe, kabaza woti amupatukire ndi chenje choti awerengere m’mutu, ndipo ubongo wovulala ukasenzetsedwa ntchito ziwiri nthawi imodzi umagwetsa imodzi. Ikagwa ya miyendo, munthuyo amagwa nayo. Mu 1997 ofufuza a ku Sweden adaonetsa kuti okalamba amene amaima akayankhulidwa poyenda ndiwo amagwa kwambiri m’miyezi yotsatira.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira mayi wina amene ankayenda bwino kwambiri pamaso panga. Ana awo atamva kuti matendawo ndi olodzedwa, adawachotsa pamafizo n’kukawatemetsa mphini, ndipo adakhala kumeneko miyezi yoyambirira ija, pakati pa 3 ndi 6, imene ubongo umaphunziranso msanga. Tsiku lina mdzukulu adawaitana akutsika pakhonde, iwo adatembenuka kuti avomere, adagwa n’kuthyoka fupa la m’chiuno. Sadayendenso. Palibe mphini, mafuta opaka kapena mankhwala a m’botolo ogulitsidwa m’misika amene amaphunzitsa ubongo kuyenda ndi kuganiza pamodzi, ndipo okugulitsaniwo sadzakhalapo ponyamula wodwala kupita naye kuchimbudzi.

Chimene chimathandiza ndi kuyeserera mwadala tsiku lililonse. Wodwala ayambe ataima pafupi ndi tebulo lolimba, akuwerenga chobwerera m’mbuyo kuchokera pa 100 ndi kuchotsapo 3 nthawi iliyonse. Akazolowera ayende akutchula maina a maboma kapena miyezi kuyambira Disembala kubwerera, kenako anyamule kapu ya madzi akucheza nanu, inu mutaima kumbali yofookayo. Akayamba kukoka phazi kapena kuima kuti ayankhe, chepetsani ntchito ya m’mutu, koma musasiye. Agogo amene sanadwalepo sitiroko akufunikanso zomwezi.

Musayambe izi panokha wodwala asanapimidwe ndi wamafizo, kaya kuchipatala chachikulu kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndipo mankhwala a BP asadumphitse. Pakamwa pakapindika mwadzidzidzi, mawu akayamba kusokonekera kapena dzanja likafooka, zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.